Mwachotsa magiya pa mountain bike yanu? Dziwani za tenshona tcheni chisanakugwetseni

Imani pa depoti ya Zomba kapena pamphambano ya ku Matawale kwa mphindi 10, muziyang'ana wilo lakumbuyo la njinga zomwe zikudutsa. Mupeza kuti ma mountain bike ambiri, aja amabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera kunja, alibenso chosinthira magiya. Masipuloketi 6 kapena 7 adakalipo kumbuyoko, koma tcheni changokhala pa imodzi, ndipo pa njinga zambiri chikulendewera ngati chingwe choyanikira zovala. Nkhani yake ndi imodzimodzi paliponse: derailleur inapindika kapena inakodwa mu masipoko, mwini wake anafunsa mtengo wa yatsopano n'kugwira pakamwa, mmisiri anadula tcheni, analumikiza, basi njinga yasanduka ya giya imodzi.

Inenso ndinachita zomwezo. Ndili ndi chipsera pabondo lakumanja chomwe ndinachipeza ndikukwera chitunda, nditaimirira pa mapedulo, tcheni chitangochoka mwadzidzidzi mwendo n'kupita wokha pansi. Nditabwerera kwa mmisiri amene anandikonzera, iye anangoti, "Achimwene, njinga za magiyazi n'zotero, muzingopalasa mwaulemu." Sizoona. Pali kachitsulo kena kamene kakanandipulumutsa, ndipo kena kofanana nako kanali m'bokosi la zitsulo zakutha pansi pa mtengo womwewo.

Kachitsuloko dzina lake ndi chain tensioner, ife tingoti tenshona, chokungira tcheni. Nkhani ino ndi ya iko: ntchito yake, mitundu yake, njinga zomwe zimakafuna ndi zomwe simuyenera kukaikapo ngakhale atakupatsani ulere.

Vuto lili pa feremu

Tembenuzani njinga yanu, muyang'ane pomwe ekiselo ya wilo lakumbuyo imalowa mu feremu. Mpata umenewo pa Chingerezi amati dropout, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Pa njinga za kabaza zachizolowezi, zija za mtundu wa Hero kapena Humber, mpatawo ndi wautali ndipo ndi wogona. Mukamasula manati mutha kukokera wilo kumbuyo mpaka tcheni chitakungika, kenaka n'kumanganso. Njinga imeneyo inapangidwira giya imodzi kuyambira ku fakitale, choncho feremu yomweyo ndiyo imakunga tcheni.

Ma mountain bike ambiri opangidwa kuyambira zaka za m'ma 1990 ali ndi mpata woima, woyang'ana pansi. Wilo limangolowa pamalo amodzi, silipita kutsogolo kapena kumbuyo. Anapanga choncho dala: wilo limalowa mowongoka nthawi zonse, silitsetsereka mukaponda mwamphamvu, ndipo ntchito yokunga tcheni anaisiyira derailleur, yomwe ili ndi sipuling'i yokokera tcheni chotsala. Ndiye mukachotsa derailleur, mwachotsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, chosinthira magiya komanso chokungira tcheni. Choyambacho mwina simukuchifunanso. Chachiwiricho njinga ikuchifunabe.

Koma musathamangire kukagula kanthu musanayang'ane bwino. Ma mountain bike ena otchipa, makamaka aja derailleur yake imamangidwa ndi kachitsulo kokolowekedwa pa ekiselo penipeni, ali ndi mpata wopendekera kutsogolo wotalika pang'ono. Ngati ekiselo ingathe kusuntha mamilimita 13 kapena kuposa mumpatamo, inu muli ndi mwayi, tenshona simukuifuna. Dulani tcheni bwino, kokerani wilo kumbuyo, mangani manati.

Masamu pang'ono, musathawe

Sukulu ya ukachenjede sindinaimalize, koma masamu awa ngakhale wa Sitandade 8 awamva.

Kuchokera pa pini imodzi ya tcheni kufika pa inzake pali theka la inchi, omwe ndi mamilimita 12.7. Zimenezi n'chimodzimodzi pa tcheni cha kabaza ndi cha njinga ya mpikisano. Koma tcheni chimapangidwa ndi malinki a mitundu iwiri osinthanasinthana, yamkati ndi yakunja, kotero simungachotse imodzi yokha. Mumachotsa awiri pamodzi, kutanthauza mamilimita 25.4. Popeza tcheni chimapita kumbuyo n'kubwereranso kutsogolo, kuchotsa mamilimita 25.4 kumafuna kuti wilo lisendere kutsogolo ndi mamilimita pafupifupi 12.7.

Mwaona vuto? Pa feremu yomwe wilo silisuntha, tcheni chimakhala chachitali kwambiri, mukachotsa malinki awiri chimakhala chachifupi moti sichilumikizika. Pakati palibe. Mmisiri amasankha chachitalicho chifukwa ndicho chimalowa, inu n'kunyamuka ndi tcheni cholendewera. Ndipo tcheni chikamakalamba chimatalikirako chifukwa mapini ake amadyeka, choncho ngakhale chitakwana bwino lero, pakatha miyezi ingapo ya fumbi ndi matope chikhala chitakhwefuka.

Tcheni chokungika bwino pa njinga ya giya imodzi chimayenera kusewera pang'ono. Mukachikankha ndi chala pakatikati, chiziyenda m'mwamba ndi pansi mozungulira sentimita imodzi. Kuposa pamenepo chimagwa mukagunda bampu. Kuchepera pamenepo chimadya mabering'i a habu ndi a pa mapedulo, ndipo njinga imalemera kupalasa.

Pali ngozi ina imene anthu ambiri saidziwa. Mukasiya masipuloketi onse kumbuyo tcheni chili chachifupi, tsiku lina chikhoza kukwera chokha pa sipuloketi yaikulu yoyandikana nayo. Mano a masipuloketi a magiya anapangidwira zimenezo, kukoka tcheni kuti chikwere. Chikakwera chilibe utali wokwanira, chimakungika mopitirira muyeso, ndipo mwendo wanu ndi wamphamvu mokwanira kupinda ekiselo kapena kudula tchenicho. Njinga yomwe wilo lakumbuyo layamba kugwedera ikangochoka kwa mmisiri, nthawi zambiri ndi imeneyi.

Tenshona yeniyeni

Tenshona ndi kamkono kachitsulo komwe kumapeto kwake kuli kagudumu kakang'ono. Kamamangidwa pa bowo lomwelo pomwe panali derailleur, lomwe mazinga ake ndi M10 x 1 pafupifupi pa njinga zonse, ndiye simufunika kuboola kapena kuwotcherera chilichonse. Kagudumuko kamakankha tcheni chapansi, chija chikubwerera kumbuyo chopanda katundu, n'kuchotsa kulendewera konse. Tcheni chapamwamba, chomwe chimakoka wilo mukamaponda, tenshona siichikhudza. Gwirani mfundo imeneyi, tibwereranso kwa iyo.

Yofala kwambiri ndi ya sipuling'i ndi kagudumu kamodzi. Yotchuka pa mtundu umenewu ndi Singleator ya kampani ya Surly ya ku Minnesota, ku America, ndipo zambiri zotchipa zomwe mungazione pa intaneti zinatengera maonekedwe ake. Ubwino wake ndi woti imadzisintha yokha tcheni chikamatalika. Imatha kukankhira tcheni pansi kapena m'mwamba, malinga ndi sipuling'i yomwe mwaikamo, ndipo kusiyana kwake si kwa maonekedwe chabe. Ikamakankhira pansi, imachotsa tcheni pa mano ena a sipuloketi, tcheni n'kugwira mano ochepa, ndipo mukaponda mwamphamvu pachitunda chimatha kudumpha, kaphokoso kaja ka "kha!" komwe kamakuzizitsani nkhongono. Ikamakankhira m'mwamba, imakulunga tcheni pa mano ambiri. Ine ndimakonda yokankhira m'mwamba, koma imafuna tcheni chodulidwa chachifupi ndithu, apo ayi kagudumu kamakafika pa feremu kasanamalize ntchito.

Mtundu wachiwiri ulibe sipuling'i. Mumakankha kamkonoko ndi dzanja mpaka tcheni chitakungika momwe mukufunira, kenaka n'kumanga bawuti kuti kaume pomwepo. Ina imamangidwa pawiri, pa bowo la derailleur ndi pa ekiselo, kuti isasunthe. Pa misewu ya mabampu ngati yathu iyi ya kumakwalala a Chikanda, mtundu uwu uli ndi ubwino woonekeratu: sudumphadumpha, ndiye tcheni sichimenya feremu. Kuipa kwake n'koti muyenera kumaiyang'ana. Tcheni chikatalika, tengani sipanala mukankhenso. Komanso masipuloketi ambiri akutsogolo sakhala ozungulira ndendende, pali malo pomwe tcheni chimakungika kwambiri mukamazunguza mapedulo. Pezani malo amenewo, mumangire tenshona pomwepo, osati pomwe tcheni chakhwefuka.

Mtundu wachitatu uli ndi timagudumu tiwiri, ndipo mukauona mungati ndi derailleur yaifupi. Melvin ya kampani ya Paul Component Engineering ya ku California ndi chitsanzo, ndipo Shimano ndi Rohloff alinso ndi zawo zopangidwira mahabu a magiya amkati. Mtundu uwu umameza tcheni chambiri chotsala, kotero ndi womwe mukufunika ngati mukufuna kusiya masipuloketi awiri kutsogolo, kapena ngati njinga yanu ili ndi shoko pakati pa feremu. Pa njinga zambiri za shoko yapakati, mtunda wa pakati pa mapedulo ndi wilo lakumbuyo umasintha shoko ikamapindika. Mukaikapo tcheni chouma chopanda sipuling'i, bampu yoyamba yaikulu idzachidula kapena kuononga china chake. Njinga zotere zili mbwee m'tauni muno, zonyezimira, ana asukulu amazikonda, ndipo ndi zomwe siziyenera konse kungodulidwa tcheni.

Musasokoneze zonsezi ndi tizitsulo tija tili kumbuyo kwa njinga za kabaza, kamphete kolowa pa ekiselo kokhala ndi kamchira ka mazinga ndi nati. Pa Chingerezi natonso ena amatitcha chain tensioner, ena chain tug. Ito timakoka wilo lonse kumbuyo, ndiye timagwira ntchito pa mpata wogona wokha. Mukaitanitsa pa intaneti osayang'ana chithunzi, mukhoza kulandira timeneti, ndipo pa feremu ya mpata woima tilibe ntchito.

Derailleur yakutha ndi tenshona yaulere

Apa ndiye pamene ndikufuna amisiri athu amve. Tenshona za mayina ndatchulazi simungazipeze pa shelefu m'tauni ngati yathu, ndipo kuitanitsa kunja kachitsulo kamodzi ndi ndalama yomwe mwini njinga ya kaunjika sangalole. Koma derailleur yomwe yasiya kusintha magiya bwino nthawi zambiri imakhala ndi sipuling'i yamoyo ndi timagudumu tiwiri tozungulira. Imeneyo ndi tenshona kale. Chofunika n'kungoiimitsa pansi pa sipuloketi yomwe mwasankha kuti isasunthe.

Njira zake ndi ziwiri. Kumbuyo kwa derailleur kuli timasikuluwu tiwiri tolembedwa H ndi L. Popanda waya, sipuling'i imakokera derailleur kunja, ku sipuloketi yaing'ono, ndipo sikuluwu ya H ndiyo imaiimitsa. Mukamamanga H, derailleur imasendera mkati. Ikafika pansi pa sipuloketi yanu ndendende, mwamaliza. Ngati sikuluwuyo yatha isanafike, ikani ina yaitali ya mazinga ofanana. Njira yachiwiri, yomwe ndimaiona yabwino kuposa: tengani kachidutswa ka waya wa magiya ka masentimita ochepa kokhala ndi mutu wake, lowetsani pa bowo lomwe waya amalowera mu derailleur kuti mutuwo utsamire pamenepo, kankhani derailleur ndi dzanja mpaka pomwe mukufuna, n'kumanga wayayo pa bawuti yake. Ngati pali kosinthira kozunguza ndi zala, kamakuthandizani kuwongola pang'onopang'ono mpaka phokoso litatha.

Inde, siioneka bwino ngati njinga za pa Instagram, ndipo derailleur imalendewerabe pansi pomwe mwala kapena chitsa zingaigunde. Dulani tcheni chifupike kuti kamkono kake kakokedwere kutsogolo, sipuling'i ilimbe. Koma ya ulere ndi ya ulere, ndipo imagwira. Chokhacho, ngati derailleur inapindika moti timagudumu take tapendekeka, itayeni, funani ina m'bokosi la mmisiri. Yang'ananinso kachitsulo ka feremu komwe imamangidwapo. Ngati kameneko ndi kopindika, tenshona iliyonse, ngakhale yodula bwanji, idzakhala yopendekeka. Kachitsulo wamba kamawongoleka, ka aluminiyamu kamathyoka msanga mukakakakamiza.

Njinga zomwe tenshona ndi yoletsedwa

Ndinati mugwire mfundo yoti tenshona imakhala pa tcheni chapansi chopanda katundu. Izi zimakhala zoona pokhapokha ngati wilo lanu lili ndi filiwilo, kutanthauza kuti mukasiya kupalasa kapena kubweza mapedulo, wilo limangozungulira lokha.

Pa njinga ya buleki yobweza mapedulo, monga Buffalo zija za World Bicycle Relief zomwe zafala m'midzi ndi m'matauni, zinthu zimatembenuka. Mukamagwira buleki, mphamvu yonse imadutsa pa tcheni chapansi. Mukaika tenshona ya sipuling'i pamenepo, tcheni chimaiwongola kapena kuithyola, chimalendewera pamwamba, n'kugwa nthawi yomwe mukufuna buleki. Buffalo yeniyeni siifuna tenshona chifukwa feremu yake imalola wilo kusuntha, koma ndaonapo anthu akuganiza zotenga wilo la buleki yotere kuliika pa feremu ya mountain bike. Ngati feremuyo ndi ya mpata woima, iwalani. Kutsika msewu wa Ku Chawe ndi buleki yodalira tenshona n'kudziitanira maliro.

N'chimodzimodzi ndi fixed gear, njinga zija mapedulo sasiya kuzungulira wilo likamayenda. Kuno n'zosowa, koma lamulo ndi lomwelo: tenshona ayi.

Tenshona siikonza tcheni chokhota

Anthu ambiri amene amadandaula kuti "ndinaika tenshona koma tcheni chikugwabe" vuto lawo ndi mzere. Imani kumbuyo kwa njinga, tsinzinani diso limodzi, muyang'ane tcheni kuchokera pa sipuloketi yakumbuyo kukafika yakutsogolo. Chiyenera kuyenda mowongoka, mofanana ndi pakati pa feremu. Mukafuna kuyeza, pa mountain bike ya masipuloketi atatu kutsogolo, yapakati imakhala mamilimita 47.5 mpaka 50 kuchokera pakati pa feremu. Kumbuyo, feremu zambiri za mtunduwu ndi zotambasuka mamilimita 135, ndiye pakati pake ndi 67.5. Chotsani 50 pa 67.5, mupeza kuti sipuloketi yanu iyenera kukhala mamilimita pafupifupi 17 mpaka 20 kuchokera mkati mwa feremu kumbali ya tcheni. Rula ya pasukulu ikukwana.

Momwe mungafikire pamenepo zimadalira habu yanu. Ngati ndi ya kaseti, yomwe masipuloketi amangolowetsedwa pa thupi la mizere n'kutsekedwa ndi mphete, ntchito ndi yophweka: chotsani onse, ikani imodzi, kwinako dzazani ndi timphete totalikitsa. Timphete ta m'makaseti akale timagwira, ngakhale paipi ya pulasitiki yodulidwa mowongoka ena amagwiritsa ntchito. Mumasuntha timpheteto uku ndi uku mpaka mzere utawongoka.

Sipuloketi yake ikhale yotani? Kuyambira pomwe Shimano inabweretsa Hyperglide cha m'ma 1989, masipuloketi a magiya amakhala ndi mano aafupi, osemedwa m'mbali kuti tcheni chizichoka msanga. Pa giya imodzi mukufuna zosiyana ndi zimenezo, mano aatali osalola tcheni kuchoka. Ngati mungapeze sipuloketi yopangidwira giya imodzi, tengani imeneyo. Ya tsinde lotambalala ndi yabwino koposa, chifukwa yopyapyala imadya thupi la habu likakhala la aluminiyamu.

Njinga zambiri zotchipa zilibe kaseti, zili ndi filiwilo ya masipuloketi 6 kapena 7 yomangidwa ndi mazinga. Mazingawo ndi ofanana ndi a filiwilo ya sipuloketi imodzi, ndiye ya njinga wamba imalowa. Koma imakakhala mkati kwambiri, pafupi ndi masipoko, mzere n'kukhota. Mmisiri wodziwa ntchito amasuntha mawashala a pa ekiselo kuti habu isendere kumanja, kenaka n'kukonza masipoko kuti rimu ibwerere pakati. Ndi ntchito ya ola kapena kuposa, ndipo ndi yoyenera kulipira. Ngati simukufuna zonsezo, siyani filiwilo ya magiyayo, sankhani sipuloketi yapakati yomwe ikuwongokana ndi yakutsogolo, muike derailleur yakale ija kuti izilondera tcheni chisakwere kwina.

Za kukula kwa tcheni: cha njinga wamba ndi cha 1/8 inchi, cha magiya 6 mpaka 8 ndi cha 3/32. Chachikulucho chimakwana pa mano opyapyala, koma chopyapyala sichilowa pa mano a 1/8. Ndiye mukagula filiwilo ya kabaza, mugulenso tcheni chake, ndipo muonetsetse kuti chikudutsa mu tenshona osakhula m'mbali. Mu derailleur yakale tcheni cha 1/8 nthawi zambiri chimakhula.

Giya iti?

Kumayiko komwe anthu amachotsa magiya mwakufuna kwawo, poyambira pa wilo la mainchesi 26 ndi mano 32 kutsogolo, 16 kumbuyo. Eya, alipo anthu otero, ali ndi ndalama zogulira magiya 12 koma amasankha imodzi, mpaka ali ndi mpikisano wa dziko lonse womwe mu 2012 unachitikira ku South Africa, ndipo wopambana mphoto yake amamudinda tattoo. Ife kuno timafika pa giya imodzi chifukwa cha thumba, koma masamu ndi amodzi.

Pa 32 ndi 16, wilo limazungulira kawiri mapedulo akazungulira kamodzi, mamita 4 ndi pang'ono. Mukamapalasa maulendo 80 pa mphindi, mukuyenda makilomita pafupifupi 20 pa ola. Kwa munthu wa ku Zomba, Blantyre kapena Mzuzu, wokwera zitunda tsiku ndi tsiku kapena wonyamula katundu, imeneyi ndi giya yabwino. Ku Liwonde, Balaka kapena Salima komwe kuli see, muzingopalasa mphepo ngati wamisala. Kumeneko 38 ndi 16 kapena 42 ndi 18 n'zomveka. Filiwilo wamba ya magiya 7 imakhala ndi mano 14, 16, 18, 20, 22, 24 ndi 28, ndiye musanachotse kalikonse, yendani sabata imodzi pa giya imodzi osasintha, mumve ngati maondo akuvomera.

Langizo langa: pa magiya awiri olemera mofanana, sankhani ya masipuloketi akuluakulu. 36 ndi 18 ndi yofanana ndi 32 ndi 16 pa mwendo, koma tcheni chimagwira mano ambiri, sichidumpha msanga, ndipo zonse zimachedwa kutha. Sipuloketi ya mano 13 kapena 14 pamodzi ndi tenshona yokankhira pansi ndiye gwero la kudumpha kwambiri.

Kutsogolo, ngati masipuloketi atatu aja ndi omangidwa ndi mabawuti, mutha kuchotsa awiri, koma mudzafunika mabawuti aafupi kapena mawashala. Ngati ndi okhomedwa ndi mariveti monga zilili pa njinga zotchipa, asiyeni, gwiritsani ntchito yapakati.

Pomanga

Yambani ndi tcheni, tenshona ibwere pambuyo. Kulungani tcheni pa masipuloketi awiriwo, wilo lili m'malo mwake, mupeze utali waufupi kwambiri womwe chingalumikizike popanda kukakamiza. Pa tenshona ya kagudumu kamodzi, dulani pamenepo. Kulakwitsa kofala n'kusiya tcheni chachitali poganiza kuti tenshona imeza zonse. Siimeza, sipuling'i yake imakhala yofooka kamkono kakatsika kwambiri. Ya timagudumu tiwiri ndiyo imafuna malinki owonjezera oti adutse m'timagudumumo.

Kenaka mangani tenshona pa bowo lake mutapaka girisi pang'ono pa mazinga, musunthe kagudumu mpaka kakhale pansi pa tcheni ndendende. Zunguzani mapedulo chobwerera. Mukamva kulira kapena tcheni chikukwera m'mbali mwa kagudumu, sikanawongoke. Pomaliza kayeseni pachitunda chapafupi muli chikhalire pa chishalo, kenaka muimirire pang'onopang'ono. Musayambe ndi kuimirira, funsani bondo langa.

Ngati simukuifuna n'komwe

Pali njira zopewera tenshona pa feremu ya mpata woima. Yotchipa kwambiri ndi half link, linki imodzi yomwe mbali ina ndi yamkati mbali ina yakunja. Imakulolani kusintha utali wa tcheni ndi mamilimita 12.7 m'malo mwa 25.4, zomwe zili ngati kusuntha wilo ndi mamilimita 6 okha. Ina ndi kusewera ndi mano: dzino limodzi lowonjezera, kutsogolo kapena kumbuyo, lili ngati kukokera wilo kumbuyo ndi mamilimita 3. Mukaphatikiza ziwirizi mutha kupeza giya yomwe tcheni chimakwana chokha, yomwe okonda njinga amaitcha magic gear. Mano 4 owonjezera amafanana ndi malinki awiri, ndiye ngati 32 ndi 16 yakwana, 34 ndi 18 kapena 36 ndi 16 nazonso zidzakhala pafupi kukwana. Vuto lake n'loti matsengawo amatha tcheni chikangotalika.

Palinso habu ya ENO ya White Industries, yomwe ekiselo yake ili pambali kotero mukaizunguza wilo limasendera, ndi maferemu ena omwe malo a mapedulo ndiwo amasuntha. N'zabwino, koma habu yokhayo ingagule njinga yanu kangapo. Amisiri ena amapala mpata wa feremu ndi fayilo kuti utalike. Pa feremu yachitsulo, mamilimita awiri kapena atatu, mwina. Pa ya aluminiyamu ine sindingalole, pamatsala nyama yochepa yogwira wilo.

Chikayamba kudumpha

Tenshona ikakhala kuti inali bwino kenaka tcheni chayamba kudumpha, musayambe ndi kulimbitsa sipuling'i. Yezani tcheni kaye. Mapini 24 kuchokera pa pini yomwe mwayambira amakwana mainchesi 12 ndendende pa tcheni chatsopano, omwe ndi mamilimita 304.8. Chikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, sinthani tcheni. Chikapitirira ndi mamilimita 3, dziwani kuti chadya kale mano a sipuloketi, ndipo tcheni chatsopano chidzadumpha pa mano akuthawo, ndiye musinthe zonse pamodzi.

Nyengo ya mvula, matope amadzaza pa kagudumu mpaka kamasiya kuzungulira, tcheni n'kumangokhula pamwamba pake. Kachotseni ndi kamtengo, tsukani, dontheza oyilo pa bawuti yake yapakati ndi pomwe kamkono kamapindikira. Nyengo ya fumbi chepetsani oyilo pa tcheni ndipo pukutani wotsala ndi kansanza, chifukwa oyilo wosakanizika ndi mchenga amadya mapini msanga. Mukachotsa wilo kuti mumate chubu, kankhirani kamkono ka tenshona kutali ndi tcheni kaye kuti chikhwefuke, ndipo pobwezera onetsetsani kuti chakhala pa kagudumu musanamange manati.